Mafilimu a zochitika zenizeni amene angathandize Mmalawi wokhala ku America

Munthu wongofika kumene ku America amakhala akulidziwa dzina la pulezidenti ndi zipani ziwiri zikuluzikulu, koma kawirikawiri samvetsa chifukwa chake bilu ya kuchipatala imabwera patapita milungu ingapo, kapena chifukwa chake mwini nyumba amafuna kuona mbiri yake ya ngongole asanampatse makiyi. Mafilimu a zochitika zenizeni, amene kuno amawatchula kuti documentary, amazifotokoza zimenezi mofatsa kuposa nkhani za pa TV, ndipo ambiri mungawaonere osalipira kalikonse.

Poyambira pabwino ndi laibulale ya m'tauni yanu. Khadi lake ndi laulere kwa anthu a m'deralo, ndipo m'malaibulale ambiri limakutsegulirani Kanopy, tsamba la pa intaneti loonerapo mafilimu, kumene kuli mafilimu oterewa ochuluka. Pulogalamu ya Frontline, imene wailesi ya kanema ya PBS yakhala ikuulutsa kuyambira 1983, imapezekanso pa YouTube. Tsegulani mawu olembedwa m'munsi, pakuti Chingerezi cha kuno chimathamanga.

Filimu imene ndimafuna aliyense wogwira ntchito yolipidwa pa ola aione ndi American Factory ya 2019. Imaonetsa fakitale ya ku Moraine m'boma la Ohio, imene kampani yopanga galimoto ya General Motors inatseka mu 2008, kenako kampani ya ku China yotchedwa Fuyao inaitsegulanso n'kuyamba kupangiramo magalasi a galimoto. Mayi wina akufotokoza kuti kale ankalandira madola 29 pa ola, koma tsopano sakufika pa 13, ndipo mumamuona akusanthula magalasi limodzilimodzi pa mzere wa makina. Onetsetsani bwino misonkhano imene akatswiri olipidwa ndi kampani akuchititsa pofuna kuti antchito akane bungwe lowaimira, chimene anachitadi pa voti ya mu 2017. Tsiku lina nanunso mukhoza kuitanidwa kumsonkhano wotere, ndipo ndi bwino kudziwiratu kuti lamulo la 1935 limalola antchito a m'makampani ambiri kukambirana za malipiro awo ndi kulowa m'bungwe. Tsoka lake, lamuloli siliteteza wolembedwa ntchito ndi banja m'nyumba mwawo, zomwe zimakhudza abale athu ena osamalira okalamba.

Musanakhulupirire zonse, yang'anani chaka chimene filimu inatuluka. Filimu ya Sicko, yopangidwa ndi Michael Moore, ndi ya 2007, ndipo imaonetsa anthu akukanizidwa inshuwalansi chifukwa cha matenda amene anali nawo kale, koma lamulo la Affordable Care Act la 2010 linaletsa mchitidwe umenewo. Woiona lero osadziwa zimenezi akhoza kuopa kufunsira inshuwalansi imene ali woyenera kuipeza. Inside Job ya 2010, yofotokoza kugwa kwa mabanki mu 2008, ndi yofunika kwa amene akuganiza zotenga ngongole ya nyumba. Fufuzaninso amene anapereka ndalama zopangira filimuyo, makamaka ikatuluka chisankho chitayandikira.

Mafilimu a ndale amatenthetsa mtima, ndipo munthu amafuna kuchitapo kanthu. Koma ngati simunakhale nzika, ngakhale muli ndi green card, chiphaso chokulolani kukhazikika kuno, musalembetse m'kaundula wa zisankho. Funso lolembetsali limabwera nthawi zambiri pamene mukutenga laisensi yoyendetsera galimoto, ndipo kuvomera mosaganiza kukhoza kukulepheretsani kupeza unzika kapena kukuthamangitsitsani m'dziko muno. Werengani fomuyo mzere uliwonse musanasaine.