Kakonzedwe ka za'atar ya pakhomo monga amachitira ku Palestina

Za'atar yabwino imayambira pa tsamba. Ngati tsambalo lathyoledwa mochedwa kapena laumitsidwa pa dzuwa, ngakhale muthiremo zotani fungo lake silibwereranso.

Dzinali ndi la chitsamba chaching'ono cha masamba aubweya chomwe chimamera chokha m'mapiri amiyala a ku Nablus, Jenin ndi Galileya, komanso la ufa wosakaniza umene amapanga ndi masambawo. M'nyumba zambiri za Apalestina chakudya cham'mawa ndi chomwechi: munthu amanyema buledi, kumuviika m'mafuta a maolivi, kenako kumugunditsa m'kambale ka za'atar. Makolo amadyetsa ana za'atar pa tsiku la mayeso, ati imatsegula mutu.

Thyolani pakati pa Malichi ndi Meyi, chitsamba chisanachite maluwa, m'mawa mame atauma. Dulani nthambi ndi mpeni, n'kusiya tsinde lotalika ngati chikhatho kuti liphukenso. Musazule. Nkhani ya kuthyolayi ndi yowawa kwa Apalestina. Mu 1977 boma la Israel, Ariel Sharon ali nduna ya zaulimi, linaika chitsambachi m'gulu la zomera zotetezedwa, ndipo anthu amene agogo awo ankathyola m'mapiri omwewo anayamba kulipitsidwa chindapusa. Lero mabanja ambiri amangochidzala kuseri kwa nyumba kapena m'zitini pakhonde, ngakhale akuluakulu amaumirirabe kuti ya kuphiri ndiyo yonunkhira.

Tsukani nthambizo msanga, kutumulani madzi, n'kuziyala pa nsalu yoyera pamthunzi podutsa mphepo. Muzizitembenuza tsiku lililonse. Pakatha pafupifupi sabata tsamba liyenera kuphwanyika mukalifinya ndi zala. Likangopindika, ndiye kuti lidakali ndi chinyezi ndipo lidzachita chuku m'botolo. Dzuwa limaumitsa msanga, inde, koma limasandutsa tsamba lotuwa n'kuuluza mafuta amene amapereka fungo.

Pululani masamba, tayani timitengo. Apa ndi pofunika kuleza mtima: tikitani masambawo ndi chikhatho pa sefa ya mabowo aakulu, tizitsotso titsale pamwamba. Makina ogayira amafulumira koma amagaya ndi timitengo tomwe, ndipo ufawo umawawa.

Muyezo wake: kapu imodzi ya masamba osefa, theka la kapu ya chitowe, masupuni aakulu atatu a sumac, ndi kasupuni kamodzi ka mchere. Sumac ndi ufa wofiirira wa tizipatso touma, wowawasa ngati bwemba. Gulani wakuda pang'ono ndi wonyowerera mukaugwira; wofiira kwambiri nthawi zambiri amakhala wothira utoto. Ulaweni musanathire mchere, chifukwa ogulitsa ena amakhala atathiramo kale.

Chitowe chikazingeni chokha m'chiwaya chouma pa moto wochepa, mukutakasa osalekeza, mphindi 4 kapena 5, mpaka chiyambe kuthetheka ndi kufiira pang'ono. Chikada, tayani, sichikonzeka. Chikhuthulireni m'mbale nthawi yomweyo, pakuti m'chiwaya chotentha chimapitiriza kupsa, ndipo chizizire kaye. Chitowe chotentha chimatulutsa nthunzi m'botolo, ufa n'kuumbika.

Musanasakanize zonse, thirani supuni imodzi ya mafuta a maolivi pa masamba n'kufikisa ndi manja awiri mpaka asanduke obiriwira kwambiri. Mafuta akachuluka za'atar imanunkha chivunde pakangopita milungu yochepa. Ndiye thirani chitowe, sumac ndi mchere.

Sungani m'botolo lagalasi lotseka bwino, kutali ndi moto ndi kuwala. Ndi bwino kusakaniza yokwana miyezi iwiri kapena itatu basi, masamba otsalawo n'kuwasunga osatikita m'thumba lansalu. Amafika nawo chaka. Mukafuna kuphika manaqish, buledi wopyapyala wopakidwa za'atar pamwamba, sakanizani za'atar ndi mafuta muyezo wofanana, pakani pa ufa wokanda umene mwaupapatiza, boolani ndi nsonga za zala kuti usafufume pakati, n'kuwotcha mu uvuni yotentha kwambiri mphindi 7 mpaka 8.