Malangizo kwa Munthu Amene Wabwerera Kumudzi Atamuika Valavu Yatsopano mu Mtima

Munthu amene wachitidwa opaleshoni yosintha valavu ya mtima, kachitseko kamene kamalola magazi kuyenda molowera mbali imodzi yokha, amafika pakhomo ali ndi zinthu ziwiri zofunika chisamaliro zimene achibale sangazione ndi maso. Choyamba ndi fupa la pachifuwa, limene madokotala analidula pakati kuti afikire mtima n'kulimanganso ndi mawaya, ndipo chachiwiri ndi magazi ake, amene tsopano ayenera kupimidwa kawirikawiri kuti asaundane komanso asasungunuke mopitirira muyeso. Bala lapakhungu limauma msanga, moti a pabanja akaliona amati munthu wachira ndipo amamusiyira khasu, pamene fupa lisanalumikizane n'komwe.

Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo ambiri amene amafuna opaleshoni imeneyi ndi achinyamata ndi amayi amene akadali pa msinkhu wobereka, chifukwa mavalavu awo anawonongeka ndi matenda amene amayamba ndi zilonda zapakhosi zosachiritsidwa paubwana. Ambiri amadzera ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, ndipo ena amakachitidwa opaleshoni kunja kwa dziko, makamaka ku India. Dokotala amene anagwira mpeni amatsala kutali, choncho pepala lililonse limene munapatsidwa potuluka lisungidwe m'pulasitiki pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Pemphani a dokotala alembe m'bukumo mtundu wa valavu imene anakuikani, malo ake mu mtima, mlingo wa mankhwala, ndi muyeso wa magazi umene akufuna kuti muzikhala nawo, pakuti wachipatala wa ku Chonde kapena ku Thekerani amene adzakuonani usiku mutadwala adzadalira zimene zalembedwazo.

Fupa la pachifuwa limatenga masabata 6 mpaka 8 kuti ligwirane, ndipo limalimba kwenikweni pakatha miyezi itatu. M'masabata oyambirirawo musanyamule chinthu cholemera kuposa makilogalamu 5. Ndowa ya malita 20 ikadzaza madzi imalemera makilogalamu 20, ndiye kutunga madzi ndi kupopa mjigo kukhale kwa ena. Chimodzimodzi kulima, kusinja, kuwaza nkhuni, kubereka mwana kumbuyo, ndi kusenza mkoko wa nthochi kapena dengu la nanazi kupita nalo kumsika. Amene mumagwira ntchito yothyola tiyi mudziwe kuti dengu la kumsana limakokera mapewa kumbuyo ndi kutsegula chifuwa pamalo penipeni pamene anasoka, motero tengani kalata ya dokotala mukaipereke kwa akuluakulu a pa esiteti kuti akupatseni tchuthi kapena ntchito yopepuka. Pofuna kutsokomola kapena kuyetsemula kumbatirani pilo kapena chitenje chopinda pachifuwa, ndipo podzuka yambani mwagonera m'mbali, mutsitse miyendo, kenako mukhale tsonga osadzikankha ndi manja. Amene amagona pamphasa pansi amavutika kwambiri ndi zimenezi, ndipo n'kwabwino kubwereka bedi kwa mnansi kwa miyezi iwiri. Kabaza wa njinga yamoto m'misewu ya zitunda ya m'minda ya tiyi mumupewe m'nyengo imeneyi, chifukwa kugwa kamodzi kungathe kuononga ntchito yonse ya madokotala.

Kupumitsa fupa sikutanthauza kugona tsiku lonse. Yendani pabwalo m'mawa ndi madzulo, mphindi 5 kapena 10 poyamba, n'kumawonjezera pang'onopang'ono sabata ndi sabata, pamalo athyathyathya musanayambe kukwera zitunda. Ngati mukutha kuyankhula uku mukuyenda, ndiye kuti simunapitirire muyeso. Bala lizisambitsidwa ndi madzi aukhondo ndi sopo, n'kuliumitsa ndi nsalu yoyera, osapakapo mafuta, phulusa kapena mankhwala achikuda. Likafiira, likatupa, likayamba kutulutsa mafinya, kapena mukamva fupa likugwedera popuma, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Nkhani imene ndikufuna tikhalepo nthawi yaitali ndi ya mankhwala otchedwa warfarin, amene amathandiza kuti magazi asaundane msanga. Mavalavu oikirira alipo a mitundu iwiri. Ena amapangidwa kuchokera ku minofu ya ng'ombe kapena nkhumba, ndipo amenewa amatha ntchito pakapita zaka 10 mpaka 20, kapena mofulumirapo mwa wachinyamata. Ena ndi opangidwa ndi zipangizo zolimba, amene anthu amawatcha achitsulo, ndipo amakhalitsa kwambiri, koma magazi amakonda kuundana pa iwo. Amene ali ndi valavu ya mtundu umenewu amamva kaphokoso kogogoda ngati ka wotchi m'chifuwa, makamaka usiku, ndipo zimenezo sizoopsa. Choopsa ndi kusiya warfarin, pakuti ayenera kumwa mankhwalawa tsiku lililonse moyo wake wonse. Akasiya, magazi oundana angatseke valavuyo kapena kuthamangira ku ubongo n'kuyambitsa sitiroko, ndipo akamwa ochuluka angathe kukha magazi m'mimba kapena m'mutu.

Chimene chimasonyeza ngati mlingo uli bwino ndi kupima magazi kotchedwa INR, kumene nambala yake imakwera magazi akamachedwa kuundana ndipo imatsika akamaundana msanga. Kwa ambiri amene ali ndi valavu yachitsulo, madokotala amafuna nambala yake izikhala pakati pa 2.0 ndi 3.0, kapena pakati pa 2.5 ndi 3.5 ngati valavu yosinthidwa ndi ya mitral, imene ili pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere kwa mtima. Poyamba amapima pafupipafupi, mwina sabata iliyonse, ndipo nambala ikakhazikika amatalikitsa kufika kamodzi pamwezi. Zipatala zing'onozing'ono zambiri za m'midzi sizipima INR, choncho funsiranitu kumene muzikapimitsa, ndipo banja likhale pansi n'kupatula ndalama ya ulendo umenewu monga limapatulira ya feteleza. Mwa kuona kwanga, banja limene linatha kusonkha ndalama za ulendo wa ku India koma n'kulephera kusunga ya minibasi ya mwezi ndi mwezi lasiya ntchito pakati.

Imwani warfarin nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo ambiri amasankha madzulo. Mukaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo imwani, koma kukacha musamwe kawiri pofuna kubwezera. Mapilitsi ake amabwera mu mphamvu zosiyana, monga mamiligalamu 1, 3 ndi 5, ndipo mtundu wake umasiyana malinga ndi fakitale, choncho werengani nambala papaketi osati kudalira maonekedwe. Nyengo ya mvula ikamayandikira pemphani mankhwala okwanira, chifukwa tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Freddy anadulira misewu ndi milatho m'boma la Mulanje mu Marichi 2023, anthu n'kulephera kufika kuchipatala.

Pa nkhani ya chakudya pali kusamvetsa kwakukulu. Masamba obiriwira monga mpiru, repu, bonongwe, nkhwani, chisoso ndi chigwada ali ndi vitamini K, amene amafooketsa mphamvu ya warfarin, ndipo ena akamva zimenezi amasiyiratu ndiwo zamasamba. Kumeneko n'kulakwitsa. Chofunika ndi kudya masamba mofananafanana sabata ndi sabata, kuti mlingo wa mankhwala ugwirizane ndi kadyedwe kanu. Vuto limabwera m'dzinja, pamene nkhwani ndi bonongwe zili pena paliponse ndipo munthu amadya masana ndi madzulo, kenako m'chilimwe n'kumadya nandolo ndi usipa basi. Nyengo ikamasintha chotero, kapimitseni INR msanga osadikira tsiku limene munapatsidwa. Mchere muchepetse, komanso soda wothira m'therere ndi nsomba zouma zamchere wambiri, chifukwa zimasunga madzi m'thupi n'kulemetsa mtima. Kachasu ndi mowa wina uliwonse womwa mopitirira zimasokoneza INR, ndipo woledzera sachedwa kugwa.

Mankhwala ena amene timawaona ngati wamba ndi oopsa kwa munthu wa pa warfarin. Brufen, Indocid, diclofenac ndi asipulini wogula pa golosale zimachititsa kukha magazi m'mimba, ndiye mutu ukapweteka imwani Panado pa mlingo woyenera. Bactrim ndi Flagyl zimakweza INR kwambiri, pamene rifampicin, amene ali m'mankhwala a TB, amaitsitsa mpaka warfarin kukhala ngati simukumwa. Amene muli pa ma ARV ndipo mumalandiranso Bactrim, uzani a ku kiliniki yanu za valavuyo, ndipo musasiye mankhwala alionse mwa inu nokha. Zitsamba za kwa sing'anga ndi zija zogulitsa m'mabotolo pamsika zambiri mwa izo sizidziwika mmene zimakhalira zikakumana ndi warfarin, ndipo kutemera mphini kungakhetse magazi osaleka komanso kulowetsa tizilombo.

Tizilombo tikalowa m'magazi timakonda kukakhazikika pa valavu yoikirira, ndipo matenda ake amayamba ndi kutentha thupi, kuzizidwa ndi thukuta la usiku, mofanana ndendende ndi malungo. N'chifukwa chake simuyenera kungogula LA n'kumwa. Kapimitseni, ndipo akapanda kupeza malungo, kapena thupi likapitirira kutentha mutamaliza mankhwala, nenani momveka kuti muli ndi valavu yoikirira ndipo mupemphe akutumizeni kuchipatala chachikulu. Tizilombo tambiri timalowera m'kamwa, choncho tsukani mano kawiri patsiku ndi mswachi wofewa, ndipo musazulitse dzino wochotsayo asanadziwe za mtima wanu.

Zizindikiro zina sizidikira kuti kuche: pakamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kufooka, lilime kulemera, mutu kupweteka modzidzimutsa, kamfuno wosaleka, chimbudzi chakuda bii, mkodzo wamagazi, kukomoka, phuma logwira ngakhale mutakhala, kapena kaphokoso ka valavu kusamvekanso monga kale. Kutupa kwa mapazi ndi kulephera kugona chagada zimasonyeza kuti madzi akuchuluka m'thupi. Zipatala za boma za Mulanje ndi Thyolo, cha Mulanje Mission ndi cha Malamulo ku Makwasa zilipo, koma banja ligwirizaniretu za galimoto imene lingaitane usiku.

Kwa amayi, warfarin angathe kupundula mwana m'mimba, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo kusiya mankhwalawa chifukwa cha pakati kumaika moyo wa mayi pachiswe. Bambo ndi mayi apite limodzi kwa dokotala akasankhe njira yolera, ndipo akafuna mwana ayambe akambirana naye pakati pasanakhale. Msambo ukachedwa kapena ukachuluka kuposa kale, pitani kuchipatala sabata yomweyo.

Amene valavu yawo inawonongeka chifukwa cha zilonda zapakhosi amapitiriza kubayitsa jakisoni wa benzathine penicillin masabata atatu kapena anayi alionse, monga dokotala walembera, chifukwa mavalavu enawo akadali achilengedwe ndipo matendawo angathe kuwagwiranso. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adziwe za inu kuti azikukumbutsani tsiku lake, ndipo ana a pakhomopo akadandaula pakhosi thupi likutentha, apite nawo kuchipatala akaonedwe.