Mmene mungayambire kutolera ma synth ngati mumakonda mawu a m'mafilimu a sci-fi

Ine ma synth, makina opanga mawu ndi magetsi aja, sindinawakondere nyimbo ayi, ndinawakondera mafilimu. Mukudziwa mawu aja amamveka chombo chikamayandama mlengalenga, kulira kotsika kwambiri komwe umakumva m'chifuwa osati m'makutu mokha, ndinkangodzifunsa kuti amakutenga kuti poti kumeneko kulibe mpweya woti mawu ayendemo. Nditadziwa kuti ndi munthu basi wakhala pa makina akupotokola ma knob, mtima sunakhalenso m'malo. Ndiye ngati nanunso zakugwirani, ndikuuzeni mmene ndingayambire nditati ndikuyamba lero.

Mwezi woyamba musagule kanthu. Ikani pa kompyuta mapulogalamu aulere, pali Surge XT, pali VCV Rack yomwe imakupatsani timawaya tolumikiza nokha pa sikirini, ndipo muphunzirepo njira yomwe mawu amadutsa chifukwa ndi imodzimodzi pa ma synth ambiri. Oscillator ndiye gwero, imatulutsa mawu osasema. Filter imasema, kuchotsako zakuthwa kapena zolemera. Amplifier imatsegula ndi kutseka voliyumu. Kenako pali envelope yomwe imanena kuti mawu ayamba mwachangu kapena pang'onopang'ono komanso azilala bwanji mukachotsa chala, ndi LFO yomwe ili ngati dzanja lachitatu lomangogwedeza knob mmalo mwanu osatopa. Zinthu 5 zimenezi mukazimva ndi makutu anu, osati kungoloweza maina, makina aliwonse omwe mungakumane nawo simusochera.

Pogula synth yoyamba yogwirika ndi manja, ine ndimati sankhani yomwe chilichonse chili ndi knob yake pamwamba, osati yoti mulowe menyu katatu kuti mupeze filter. Korg Minilogue yomwe inatuluka mu 2016 ndi chitsanzo chabwino, imaliza manotsi 4 nthawi imodzi komanso ili ndi kasikirini kosonyeza mmene mawu akuonekera mukamawasintha. Ngati mukufuna zaukali kwambiri pali MS-20 mini ya 2013, yomwe anatengera pa MS-20 ya 1978, ija ya mabowo olowetsamo mawaya, imeneyo filter yake imakuwa ngati chinthu chamoyo. Yamaha DX7 ya 1983 ndi makina otchuka ndipo mudzaifuna tsiku lina, koma isakhale yoyamba chonde, imagwiritsa ntchito FM, njira ina yopangira mawu yomwe anatulukira John Chowning ku Stanford, ili ndi ma operator 6 (timagwero ta mawu) ndi ma algorithm 32 (njira zowalumikizira) ndipo zonsezo mumazisintha ndi kaslider kamodzi ndi timabatani. Yambani mwayesa Dexed, pulogalamu yaulere ya pa kompyuta, imamva ma patch (mawu osungidwa kale) a DX7, muone ngati mutu wanu ukugwirizana nazo.

Tsopano mawu a sci-fi enieniwo, apa ndi pomwe ndimachedwa ine usiku wonse.

Injini ya chombo: tengani ma oscillator awiri onse pa sawtooth (mawu akuthwa ooneka ngati mano a sowo), atsitseni pansi, kenako imodzi muisunthe pang'ono penipeni kuti zisafanane ndendende. Mumva mawu akugunda wuu wuu wuu, ndipo kugundako ndi kusiyana kwa awiriwo, ina ikakhala pa 110 Hz ina pa 111 Hz kumagunda kamodzi pa sekondi, mukazitalikitsa kumathamanga. Tsekani filter mpaka zakuthwa zonse zithe kutsale kung'ung'udza kokha, ikani LFO yochedwa kwambiri pa cutoff (knob yotsegula ndi kutseka filter), yoti kuzungulira kamodzi itenge masekondi 10 kapena kuposa, onjezani reverb (yomwe imachititsa mawu kumveka ngati ali m'holo yaikulu), dinani kiyi imodzi n'kungoisiya. Musathamangire kudina ina. Khalani nayo mphindi ziwiri zathunthu, muzingosuntha cutoff ndi nsonga za zala pang'ono pang'ono, mudzaona chipinda chanu chasanduka china.

Mphepo ya pa pulaneti lopanda anthu ndi yosavuta, noise (phokoso la shii lija) yokha basi kudutsa mu filter, resonance (knob yonoletsa mawu pomwe filter ikudula) pakatikati, cutoff muziyendetsa ndi dzanja. Mfuti ya laser ndi resonance yokwezedwa mpaka filter iyambe kulira yokha, envelope yachangu pa cutoff, piuu yatha. Mawu olira ngati mzukwa a m'mafilimu akale a m'ma 1950 aja anali a theremin, chida cha Leon Theremin chomwe amachiimba osachikhudza, ndipo mukhoza kuyandikirako ndi sine kapena triangle (mawu ofewa a oscillator), glide yotalika kuti manotsi aziterera, ndi vibrato (kunjenjemera kwa mawu) yofewa.

Koma omwe ndimawakonda kuposa onse ndi a loboti. Fufuzani sample and hold pa makina anu, ena amangolemba S&H kapena random pa LFO, muilozetse pa pitch (kukwera ndi kutsika kwa notsi) ndipo mumva timanotsi tikudumphadumpha topanda dongosolo. Kuti loboti imveke ngati ili ndi maganizo musaisiye yokha, muzikweza liwiro ikamafunsa funso, muzitsitsa ikamadandaula. Ben Burtt popanga mawu a R2-D2 mu Star Wars ya 1977 anagwiritsa ntchito ARP 2600 koma anasakanizamo mawu a pakamwa pake, nchifukwa chake kaloboti kaja kamamveka ngati kamwana. Yesani nanunso, jambulani mawu anu pa foni mukung'ung'udza funso, kenako muyese kuwatsanzira ndi synth.

Nkhani ya kutolera tsopano. Intaneti idzakuuzani kuti popanda Yamaha CS-80, yomwe Vangelis anaimbira Blade Runner ya 1982, simunayambe. Makina amenewo ndi okongola zedi koma amalemera makilo oposa 80, ndi osowa, ndipo okonza ake ndi owerengeka. Ndimakumbukira nthawi zonse Delia Derbyshire ku BBC Radiophonic Workshop, yemwe mu 1963 anapanga nyimbo yotsegulira Doctor Who yolembedwa ndi Ron Grainer pojambula manotsi limodzi limodzi pa tepi, kudula tepiyo n'kumata, ma synth a kiyibodi omwe tikuwadziwawa asanabwere. Ndiye lamulo langa ndi ili, sindigula synth ina pokhapokha nditatchula mawu enieni omwe ndikuwafuna ndipo ndayesa kuwapanga pa zomwe ndili nazo kwa milungu ingapo n'kulephera. Ukatero mashelefu amadzaza mochedwa koma chilichonse chili ndi ntchito yake, ina ya analogi yolemera, ina ya FM ya mabelu ndi zitsulo zozizira, ina ya ma pad, mawu ofewa ataliatali aja. Ndipo musanagule synth yachiwiri ganizirani kaye reverb kapena delay (yobwerezabwereza mawu) yabwino, theka la mlengalenga umene mumaumva m'mafilimu lili mmenemo.

Zakale zogwiritsidwa kale ntchito zimafuna maso ndi makutu. Ine ndinagulapo ina ya m'ma 1980 kwa munthu wina, ndinangoimba kanyimbo ka chala chimodzi ndamva ikulira bwino ndanyamula, kufika kunyumba ndikugwira chord ndikumva kuti notsi imodzi kulibe, voice imodzi (kagawo koliza notsi imodzi) inali itafa, zinandipweteka kwambiri chifukwa ndinaisungira ndalama nthawi yaitali. Ndiye inu mukapita, ngati makinawo ndi a ma voice 6 dinani makiyi 6 limodzi limodzi osachotsa zala, iliyonse imveke komanso ifanane ndi zinzake. Roland Juno-106 ya 1984 imadziwika ndi vuto limeneli, ma chip ake a voice amafa akakalamba, amakonzeka koma mudziwiretu musanalipire. Dinani kiyi iliyonse kuchokera kumanzere mpaka kumanja, potokolani knob iliyonse mukumvetsera ngati ikukwecha, lowetsani mahedifoni komanso yesani ma output akumbuyo, ndipo ngati ili ndi MIDI, njira yolumikizira ma synth ndi makompyuta yomwe inabwera mu 1983, pitani ndi waya wanu muyese. Funsani za batire ya mkati yosunga ma patch, yakale ikatha ma patch amafufutika ndipo zina zimadontha n'kudya bolodi. Isiyeni yoyaka mphindi 20 mukucheza ndi mwiniwake, zina zimayamba misala zikatentha.

Musanailumikize ku magetsi werengani kumbuyo. Makina opangidwira msika wa Japan amafuna 100V, a ku America 120V, a ku Europe 230V, mukalakwitsa apa ndi utsi. Adaputala nayonso onani ma volt ndi polarity (mbali yomwe kuli + ndi -), kungoti pulagi yalowa sizitanthauza kuti ndi yoyenera. Kunyumba ziphimbeni ndi nsalu fumbi lisalowe mu ma slider, zitalikitseni ku chinyontho ndi dzuwa la pawindo, ndipo muziziyatsa pafupipafupi ngakhale simukujambula kanthu. Ma analogi akale apatseni mphindi zingapo atenthe musanachune.

Makina ena alibe memory, Minimoog ya 1970 inalibe, MS-20 mini ilibenso, mukasuntha knob mawu aja apita. Ine ndikapeza mawu abwino ndimajambula chithunzi cha panelo yonse ndi foni, ndi kachidutswa ka mawu masekondi 15, n'kuzipatsa dzina lochokera m'buku lomwe ndikuwerenga sabata imeneyo.

Poyeserera, sankhani kagawo ka filimu ya sci-fi ka mphindi imodzi komwe sakuyankhula, zimitsani voliyumu yake, muikepo mawu anu ndi synth imodzi yokha. Jambulani injini kaye, kenako mphepo pamwamba pake, kenako zitseko ndi timagetsi tothwanima, chilichonse pa track yake. Mukamaliza yatsani mawu enieni a filimuyo mumve pomwe iwo anasiya zii osaikapo kanthu, kenako mubwerere ku yanu mukachotse zomwe zachuluka.