Wi-Fi ya laputopu yakana? Chitani izi musanaipereke kwa amisiri

Laputopu ikangosiya kulumikiza pa Wi-Fi, anthu ambiri amathamangira kwa amisiri, ndipo yankho lomwe limabwera msanga kumeneko ndi lakuti "tiikemo Windows yatsopano". Ndalama zimapita, nthawi zina mafayilo nawo amapita, pomwe vuto linali batani limodzi lomwe mwana analidina posewera ndi kiyibodi. Zimandiwawa kuona wophunzira akutaya zolemba za chaka chonse chifukwa cha chinthu chomwe akanachikonza yekha ali pampando. Malangizo awa ndi a Windows 10 ndi Windows 11, chifukwa ndi zomwe zili m'malaputopu ambiri masiku ano.

Choyamba, tengani foni muyese kulowa pa Wi-Fi yomweyo. Ngati mukugawa intaneti kuchokera pa foni yanu, bwerekani foni ya mnzanu muyesere. Foni ikalowa bwinobwino, vuto lili mu laputopu. Nayo ikakana, laputopuyo isiyeni kaye, vuto lili ku rauta, ku MiFi kapena ku bandulo. Zulani rauta ku magetsi, dikirani masekondi 30, ibwezereni, ndipo muipatse mphindi ziwiri kapena zitatu kuti idzuke. Magetsi akathima n'kuyakanso, rauta zina zimayaka nyali zonse koma osagwira ntchito mpaka mutazichita zimenezi.

Chachiwiri, dinani Restart, osati Shut down. Pa Windows zamasiku ano Shut down sithimitsa zonse, imasunga mbali ina ya zomwe zimachitika kuti idzayake msanga, ndiye vuto limagona nayo n'kudzuka nayo. Restart ndiyo imayambitsa chilichonse mwatsopano.

Zikapanda kutheka, yang'anani pakona ya kumanja, pansi pa sikirini, pafupi ndi nthawi. Zomwe muone pamenepo zikuuzani gawo loti muwerenge m'munsimu.

Laputopu sikuona netiweki iliyonse

Mukaona kandege pakona ija, ndiye kuti Airplane mode ndi yoyatsa. Dinani batani la Windows pamodzi ndi A, patuluka timabokosi. Thimitsani ka Airplane mode, yatsani ka Wi-Fi.

Kenako fufuzani batani la Wi-Fi pa kiyibodi. Limakhala pamzere wa pamwamba, wa F1 mpaka F12, ndipo limakhala ndi chithunzi cha kandege kapena cha kamlongoti kotulutsa mafunde. Pa ma HP ambiri ndi F12, ndipo lili ndi kanyali: kakayaka mtundu wa lalanje Wi-Fi ndi yothima, kakayera kapena kukhala ka buluu ndi yoyaka. Pa Acer kawirikawiri ndi Fn pamodzi ndi F3, pa Asus Fn ndi F2, pa ma ThinkPad ambiri F8. Likakana lokha, ligwirizeni ndi Fn.

Malaputopu akale omwe amabwera atagwirapo kale ntchito kunja, monga Dell Latitude E6420 ndi ThinkPad T420, ali ndi kaswichi kotsetsereka m'mbali. Kamasuntha kokha mukamaika laputopu m'chikwama, ndipo kakathima palibe chomwe mungachite mu Windows chomwe chingabweze Wi-Fi. Yendetsani chala m'mbali zonse ndi kutsogolo mpaka mukapeze.

Ngati mabatani ali bwino, dinani Windows ndi R, lembani ncpa.cpl, dinani Enter. Patuluka zithunzi za njira zonse zomwe laputopu imalumikizira. Cha Wi-Fi chikakhala chotuwa cholembedwa Disabled, chidineni ndi batani la kumanja la mausi, musankhe Enable.

Chithunzi cha Wi-Fi chikasowa pamenepo, nkhani yafika pa driver, ndipo apa m'pamene pali mavuto ambiri a malaputopu ongogulidwa kumene kwa ogulitsa zakale. Driver ndi kapulogalamu komwe kamagwira ntchito ya womasulira pakati pa Windows ndi kachipangizo ka Wi-Fi komwe kali m'kati mwa laputopu. Wogulitsa akaika Windows mothamanga n'kusiya driver, kachipangizoko kamakhalapo, kabwinobwino, koma awiriwa samvana.

Dinani Windows ndi X, sankhani Device Manager, tsegulani Network adapters. Fufuzani dzina lokhala ndi mawu oti Wireless, Wi-Fi, WLAN kapena 802.11. Nthawi zambiri limayamba ndi Intel, Realtek, Qualcomm Atheros, Broadcom kapena MediaTek. Musasokonezeke ndi lolembedwa Realtek PCIe GbE Family Controller kapena Ethernet, limenelo ndi la intaneti ya waya.

Dzinalo likakhala ndi kamuvi koloza pansi, lidineni ndi batani la kumanja, musankhe Enable device. Likakhala ndi kachizindikiro kachikasu ka makona atatu, sankhani Uninstall device, koma kabokosi kofunsa ngati mukufuna kufufutiratu driver musakachonge. Dinani Restart, Windows iibwezeretsa yokha ikamayaka. Dzinalo likasoweratu, koma pansi pa Other devices pali Network Controller yokhala ndi chizindikiro chachikasu, ndiye kuti driver mulibemo.

Funso lomwe aliyense amafunsa apa ndi lakuti driver ndiitenga bwanji popanda intaneti. Lumikizani foni ya Android ku laputopu ndi waya wa chaja, pitani ku Settings ya foni, pamalo a Hotspot ndi tethering, yatsani USB tethering. Laputopu ilandira intaneti kudzera pa wayawo popanda Wi-Fi. Mawu oti USB tethering akakhala otuwa osadinika, sinthani waya, chifukwa mawaya ena otchipa amangotchaja, sanyamula deta. Intaneti ikabwera, pitani pa webusayiti ya kampani yomwe inapanga laputopuyo, lembani nambala yomwe ili pa chomata cha kunsi kwake, yomwe pa Dell imatchedwa Service Tag ndipo pa HP ndi Lenovo ndi serial number, n'kutsitsa driver ya Wireless LAN. Mapulogalamu olonjeza kukonza ma driver onse nthawi imodzi asiyeni. Ambiri amabwera ndi zotsatsa malonda ndi zinyalala zina, ndipo ena amafuna ndalama pa chinthu chomwe kampani imapereka ulere.

Pali malo ena awiri oti muone driver ikakhala bwino. Dinani Windows ndi R, lembani services.msc, tsikani mpaka pa WLAN AutoConfig. Iyenera kulembedwa Running, ndipo Startup type ikhale Automatic. Ena ndi mu BIOS, makonzedwe a laputopu omwe amatseguka Windows isanayake, momwe makampani ena amathimitsira Wi-Fi pa malaputopu a antchito awo. Mumalowamo laputopu ikungoyaka, podina F2 pa Dell, F10 pa HP, F1 pa ThinkPad. Fufuzani Wireless kapena WLAN, muike Enabled, musunge, mutuluke. Zina zonse m'menemo musazikhudze.

Ikuona manetiweki koma ikukana kulowa

Apa Windows imalemba kuti Can't connect to this network, kapena imangobwereza kufunsa pasiwedi. Yambani ndi kuiwalitsa netiwekiyo: pa mndandanda wa manetiweki, dinani dzina lake ndi batani la kumanja, musankhe Forget, kenako mulumikizenso. Mwini rauta akasintha pasiwedi, laputopu imaumirirabe yakale mpaka mutaiuza kuti iiwale.

Polemba pasiwedi, dinani kadiso komwe kali kumapeto kwa kabokosi kuti muone zomwe mukulemba. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono n'zosiyana, choncho onani Caps Lock. Koma pali msampha wina womwe umakola anthu ogula malaputopu ochokera ku Britain. Kiyibodi ya kumeneko ili ndi chizindikiro cha @ pafupi ndi Enter, pomwe ya ku America ili nacho pa Shift ndi 2. Windows ikaikidwa ya kiyibodi ya ku America pa laputopu ya ku Britain, inu mumadina pomwe pajambulidwa @ koma chotuluka n'china. Pa malaputopu ena aang'ono, Num Lock ikayaka, J, K ndi L zimalemba 1, 2 ndi 3. Munthu amalumbira kuti pasiwedi ndi yolondola, ndipo sakunama, kiyibodi ndiyo ikulemba zake.

Nthawi zina manetiweki a anthu oyandikana nawo akuoneka onse, koma yanu yokha ayi. Wi-Fi imayenda pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz, ndipo malaputopu ambiri akale ndi otsika mtengo amamva 2.4 GHz yokha. Foni yatsopano ikamagawa pa 5 GHz, laputopu yotere siiona n'komwe. Pa Android, lowani m'makonzedwe a hotspot musinthe band ikhale 2.4 GHz. Pa iPhone 12 ndi zotsatira zake, yatsani Maximize Compatibility pansi pa Personal Hotspot. Pa Android, muli m'makonzedwe a hotspot omwewo, onaninso Security: ikakhala WPA3, isintheni ikhale WPA2, chifukwa tizipangizo takale ta Wi-Fi sitiidziwa WPA3.

MiFi ndi hotspot zili ndi malire a chiwerengero cha zipangizo zomwe zingalowe nthawi imodzi. Panyumba pomwe pasiwedi yafalikira mpaka kwa anzawo a ana, malo amatha. Ma MiFi ambiri a Huawei mumawatsegula polemba 192.168.8.1 mu Chrome kapena Edge pa chipangizo chomwe chalumikizidwa kale, ndipo m'menemo mumaona onse amene alowa.

Yalumikiza koma intaneti palibe

Pansi pa dzina la netiweki pakalembedwa No internet, onani bandulo musanaganize china chilichonse. Kaya muli pa Airtel kapena TNM, bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha imakusiyani mukucheza bwinobwino pa foni, koma laputopu ikafuna kutsegula Google kapena imelo, njira ndi yotseka. Pamafunika bandulo ya intaneti yonse. Ku hotelo, ku sukulu ndi ku maofesi ena, Wi-Fi imafuna kuti mutsegule kaye Chrome kapena Edge, mulembe dzina kapena nambala pa tsamba lomwe lituluke, ndiye intaneti ibwere.

Bandulo ikakhala ilipo, dinani Start, lembani cmd, musankhe Run as administrator. Pa sikirini yakuda yomwe ituluke lembani ipconfig, dinani Enter, mufufuze IPv4 Address pansi pa Wireless LAN adapter Wi-Fi. Nambala yomwe ikuyamba ndi 192.168 kapena 10 ndi yabwino. Yoyamba ndi 169.254 ikutanthauza kuti rauta sinapereke adiresi ndipo Windows yangodzipatsa yokha, yomwe siifikitsa kulikonse. Lembani mizere iyi umodziumodzi, mukudina Enter pakutha pa uliwonse:

netsh winsock reset
netsh int ip reset
ipconfig /release
ipconfig /renew
ipconfig /flushdns

Mukatha dinani Restart.

Onaninso tsiku ndi nthawi. Laputopu ikamaonetsa chaka chakale, masamba ambiri amakana kutseguka n'kulemba kuti Your connection is not private, ngakhale Wi-Fi ili bwino. Konzani tsikulo. Likamabwerera m'mbuyo nthawi iliyonse mukathimitsa, ndiye kuti kabatire kakang'ono kozungulira ka m'kati, komwe kamasunga nthawi, katha mphamvu ndipo kakufunika kusintha.

Ngati laputopu inali ya ku ofesi, pitani ku Settings, Network & Internet, Proxy, muthimitse Use a proxy server. Ngati muli ndi VPN, ithimitseni muyesenso.

Zonsezi zikalephera, pali Network reset. Pa Windows 10 ili pansi pa tsamba la Status mu Network & Internet, pa Windows 11 ili mu Advanced network settings. Imachotsa makonzedwe onse a netiweki n'kuwaika mwatsopano, ndipo laputopu imadzithimitsa n'kuyakanso pakatha mphindi 5. Mafayilo anu sikhudza, koma mapasiwedi onse a Wi-Fi imaiwala, choncho alembeni kaye papepala.

Intaneti ikabwerera ndipo mukugwiritsa ntchito bandulo ya pa foni, lowani mu Properties ya netiwekiyo muyatse Metered connection. Kupanda kutero Windows imayamba kutsitsa zosintha zake mwakachetechete, ndipo bandulo ya sabata imatha usiku umodzi, mawa lake n'kumaoneka ngati Wi-Fi yafanso.

Imalumikiza kenako n'kuduka

Bwererani mu Device Manager, dinani kawiri dzina la Wi-Fi, tsegulani Power Management ngati ilipo, muchotse chongi pa Allow the computer to turn off this device to save power. Yesaninso kukhala pafupi ndi rauta, chifukwa makoma a njerwa ndi konkire amafooketsa mafunde, makamaka a 5 GHz.

Mukakhala mita imodzi kuchokera pa rauta koma timizere ta Wi-Fi tikuoneka kamodzi kapena tiwiri, kapena Wi-Fi ikamazimiririka mukapinda sikirini, vuto lili pa timawaya ta m'kati. Timawaya tiwiri topyapyala, kawirikawiri kakuda ndi koyera, timachoka pa kachipangizo ka Wi-Fi n'kudutsa m'mahinjesi mpaka kumbuyo kwa sikirini, ndipo timatha kuzuka kapena kuduka laputopu ikagwa. Apa ndiye pofunika m'misiri. Muuzeni zomwe mwayesa kale, mupemphe kuti aone timawayato ndi kachipangizoko, ndipo mafayilo anu muwakopere pa flash musanasiye laputopu m'manja mwake. Kachipangizo kakakhala kakufa, USB Wi-Fi adapter yongosomeka m'mbali imagwira ntchito yomweyo popanda kutsegula laputopu. Pogula, pemphani kuti aiyese pa laputopu yanu pomwepo, chifukwa zina zimafuna driver yake zisanagwire ntchito.