Momwe mungachepetsere fayilo ya PowerPoint imene yakula mosayembekezereka

Si zachilendo kuti munthu akonze masilaidi 12 okha a msonkhano wa mawa, koma pofuna kuwatumiza pa imelo apeze kuti fayiloyo yafika 80 MB, pomwe Gmail salola kutumiza fayilo yoposa 25 MB. Mawu olembedwa pa silaidi satenga malo ambiri, ndipo chimene chimatupitsa fayilo nthawi zambiri ndi zithunzi, makanema ndi zinthu zina zimene sizioneka n'komwe. Choncho musanayambe kufufuta masilaidi, yambani mwapeza chimene chikulemeracho.

Choyamba, koperani fayiloyo kuti yoyambirira ikhale yosakhudzidwa. Pa kope limeneli sinthani mathero a dzina kuchoka pa .pptx kukhala .zip, kenaka mulitsekule. Izi zimatheka chifukwa kuyambira pa Office 2007 fayilo ya .pptx ndi mtolo wa mafayilo ang'onoang'ono omangidwa pamodzi. Lowani mu foda ya ppt, kenaka ya media, ndipo sanjani zimene zilimo potsata kukula kwake. Pamwamba penipeni mudzaona chinthu chimene chasokoneza zonse, mwina chithunzi chimodzi cha gulu chojambulidwa ndi foni, kapena kakanema kamene munaiwala kuti kali pa silaidi yomaliza. Ngati kompyuta yanu siikuonetsa mathero a maina, chongani File name extensions pansi pa View mu File Explorer.

Zithunzi ndizo zimafuna chidwi chachikulu. Chithunzi cha foni ya 12 megapixels chili ndi timadontho pafupifupi 12 miliyoni, pomwe pulojekita ya 1920 x 1080 imangoonetsa timadontho toposa 2 miliyoni pang'ono, kutanthauza kuti gawo lalikulu la chithunzicho mumalinyamula pachabe. Ambiri sadziwanso kuti kudula chithunzi ndi Crop kumangobisa m'mbali mwake, koma mbali zodulidwazo zimakhalabe m'fayilomo. Tsekulani fayilo yanu mu PowerPoint, dinani chithunzi chilichonse, pitani pa Picture Format ndi kusankha Compress Pictures. Chotsani chizindikiro pa Apply only to this picture kuti zithunzi zonse zichepetsedwe nthawi imodzi, chongani Delete cropped areas of pictures, ndipo sankhani 150 ppi (timadontho 150 pa inchi iliyonse). Palinso 96 ppi imene imachepetsa kwambiri, koma ine sindiilimbikitsa ngati muli ndi mapu kapena zithunzi za zikalata, popeza zilembo zing'onozing'ono zimayamba kuoneka mwachimbuuzi kwa amene wakhala kumbuyo kwa holo.

Makanema ali ndi njira yawoyawo. Pa PowerPoint ya Windows pitani pa File, kenaka Info, ndi kudina Compress Media, pomwe mungasankhe 1080p, 720p kapena 480p. Pa misonkhano yambiri 720p imakwanira.

Ngati fayilo ikadali yaikulu, fufuzani zobisika. Pansi pa View tsekulani Slide Master ndi kufufuta masanjidwe amene simukuwagwiritsa ntchito, makamaka ngati munayambira pa fayilo ya mnzanu wa mu ofesi imene inali ndi zithunzi zake zakumbuyo. Tchati chimene munachimata kuchokera ku Excel chikhoza kubwera ndi buku lonse la Excel, zomwe zimakulitsa fayilo komanso kupereka kwa wolandirayo ziwerengero zimene simunafune kuti azione, choncho ndi bwino kuchimata ngati chithunzi. Onaninso pa File, Options, Save ngati Embed fonts in the file yachongedwa, ndipo ichotseni, koma isiyeni ngati mwagwiritsa ntchito zilembo zachilendo zimene kompyuta ina singakhale nazo.

Mukamaliza, sungani ndi Save As pogwiritsa ntchito dzina latsopano, ndipo ngati fayilo inali ya mtundu wakale wa .ppt, isungeni ngati .pptx. Yerekezani kukula kwa mafayilo awiriwo, kenaka dutsani m'masilaidi onse pa sikirini yonse kuti muone ngati zithunzi zikuoneka bwino ndiponso ngati kanema akusewera. Ngati olandirawo angofuna kuwerenga pa foni, atumizireni PDF kuti asathe bandulo yawo potsitsa makanema amene mudzawaonetsa nokha pa msonkhanopo.