Kamwedwe ka progesterone pa nthawi yosiya kusamba ndi momwe amakhudzira maganizo

Mayi amene wayamba kulandira mankhwala a mahomoni otchedwa estrogen pofuna kuchepetsa kutentha kwa thupi ndi thukuta la usiku pa nthawi yosiya kusamba, amapatsidwanso mahomoni ena otchedwa progesterone, oteteza chiberekero, ngati chiberekero chake chilipo. Chifukwa chake n'chakuti estrogen payekha amakhuthalitsa khungu la m'kati mwa chiberekero, ndipo pakapita nthawi zimenezi zingathe kuyambitsa khansa. Amene anachotsedwa chiberekero kawirikawiri safunikira progesterone.

Choyamba, dziwani ndondomeko imene dokotala wakupatsani, pakuti zilipo ziwiri. Ngati mukusambabe mwa apo ndi apo, kapena sipanathe miyezi 12 chisiyireni kusamba, nthawi zambiri mumamwa 200 mg ya makapisozi a progesterone monga Utrogestan usiku uliwonse kwa masiku 12 mpaka 14 pamwezi, ndipo mukamaliza mumataya magazi ngati msambo. Ngati chatha chaka osasamba, mlingo wake umakhala 100 mg usiku uliwonse osadumphitsa. Pemphani kuti mlingo ndi masiku zilembedwe bwino m'buku lanu la kuchipatala.

Imwani pogona, patapita maola awiri mutadya nsima, chifukwa chakudya chimachulukitsa mankhwala olowa m'magazi. Thupi limasandutsa gawo la progesterone kukhala allopregnanolone, amene amagwira ntchito mu ubongo ndi kuukhazika pansi, n'chifukwa chake amayi ambiri amayamba kupeza tulo tabwino. Womwa m'mawa amakhala akusinza m'minibasi mpaka kupitirira siteji yake.

Koma si onse amene amapeza mtendere umenewu. Kwa ena mankhwala omwewa amabweretsa kukhumudwa, kupsa mtima pa tinthu tating'ono, kulira popanda chifukwa chenicheni, kuwawa kwa mawere ndi kutupikana m'mimba. Ngati kale munkavutika maganizo msambo ukamayandikira, kapena mutangobereka, kapena jakisoni wa Depo sankakuyanjani, muuzeni dokotala musanayambe n'komwe. Jakisoni ameneyu ali ndi medroxyprogesterone, mankhwala ogwira ntchito ngati progesterone, yemwenso amapezeka m'mapiritsi ena a mahomoni pamodzi ndi mnzake norethisterone, ndipo amayi ena amene savomerezana ndi mitundu iwiriyi amakhala bwino akasinthidwira ku makapisozi aja.

Kuti mudziwe ngati vuto ndi mankhwala kapena ndi mavuto apakhomo, tengani kalendala ndipo muzichonga masiku amene mwamwa, pambali pake n'kulemba mawu amodzi osonyeza mmene mtima unalili tsikulo. Chitani zimenezi kwa miyezi iwiri kapena itatu. Masiku oipa akamagwa pamodzi ndi masiku a progesterone mwezi ndi mwezi, ndiye kuti muli ndi umboni womveka, woposa kungouza dokotala kuti "sindikupeza bwino."

Dokotala wa matenda a amayi, kaya ku Queen Elizabeth Central Hospital kaya ku chipatala cholipira mu Blantyre muno, ali ndi njira zingapo: kusintha mtundu wa mankhwala, kukuuzani kuti kapisozi muziika kunjira ya abambo m'malo momeza, kapena kukuikani lupu ya Mirena, yomwe imatulutsa levonorgestrel, mankhwala enanso ogwira ntchito ngati progesterone, pang'onopang'ono m'chiberekero momwemo ndi kuchiteteza kwa zaka 5. Lupu ya kopa yomwe tinazolowera ku kulera ilibe mahomoni, choncho siithandiza pa ntchito imeneyi.

Chimene simuyenera kuchita ndi kusiya kapena kuchepetsa progesterone panokha uku mukupitiriza estrogen. Maganizo angapepuke ndithu, koma chiberekero chimatsala chopanda chitetezo. Nenaninso ngati mukumwa rifampicin wa TB kapena carbamazepine wa khunyu, popeza amafooketsa mphamvu ya mahomoni. Kutaya magazi mosayembekezereka patatha miyezi 6 chiyambireni kumafunika kupimidwa, ndipo ngati kukhumudwa kwafika poganiza zodzipha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo osadikira tsiku limene anakulemberani.