Pofunsira ntchito pa imelo, CV musaijambule ndi kamera

Ntchito zambiri masiku ano amafunsira pa imelo kapena pa webusayiti ya kampani, ndipo kumakampani ena akuluakulu CV imayamba yawerengedwa ndi kompyuta munthu asanaione. Pulogalamuyo imasakasaka mawu. CV yojambulidwa ndi kamera imaoneka ngati chithunzi chabe, ndiye ikhoza kudumphidwa ngakhale muli ndi zonse zofunika.

Lembani CV mu Word kapena Google Docs, pafoni pomwepo zimatheka, kenako muisunge ngati PDF. Kuti mutsimikize, itseguleni n'kuyesa kukopera liwu limodzi. Likakopeka, kompyuta iwerenganso. Mawu a ntchitoyo alembeni mmene alili pa chilengezo. Ngati alemba kuti Accounts Assistant, inunso mulembe chomwecho. Matebulo ndi tizokongoletsa tambirimbiri timasokoneza pulogalamuyo, tisiyeni.

Masatifiketi ndiwo ofunika kusikana. Mu Google Drive dinani chizindikiro cha kamera kapena Scan, jambulani pamalo owala, kuyambira ya MSCE mpaka dipuloma, zonse zilowe mu PDF imodzi. Zithunzi khumi zotumizidwa pachokhapachokha zimatopetsa wolandira.

Samalaninso kukula kwa fayilo. Gmail salola yoposa 25 MB. Ikapitirira, imapita ngati linki ya Drive, ndipo wolemba ntchito akapeza yokhoma sadzavutika kukupemphani kuti muitsegule. Chepetsani ikhale pansi pa 2 MB, bandulo yanunso ipulumuke.

Fayilo muitchule dzina lanu ndi ntchitoyo, osati IMG_0042. Musanatumize, dzitumizireni nokha kaye muone ngati zonse zikutseguka.